Aphunzitsi Ali Pamtengo, Jildou Akuwerenga

"Musawalonjeze ana zimenezo," anatero Gogo Hiske, ataima pakhomo la khitchini ketulo ili m'manja. "Mwana mungamulonjeze switi, mungamulonjeze ulendo wa ku Leeuwarden. Koma kumuuza kuti chilichonse chimene alembe papepala inu muchita? Ayi, aphunzitsi. Pepala lilibe maso. Mukamavutika silikuonani."

Bastiaan Korver anaseka, n'kupitiriza kumanga zingwe za nsapato. Anali mnyamata wa ku Rotterdam, wamtali, woonda, magalasi ali pamphuno, ndipo chaka chimenecho chinali choyamba kuphunzitsa. Ankakhala m'chipinda cham'mwamba cha nyumba ya gogoyo, m'mudzi wina wa kuno ku Friesland kumene ngalande n'zochuluka kuposa misewu. Chibwerereni anali atachenjezedwa kale zinthu zambiri. Asatuluke panja tsitsi lili lonyowa. Asakhale pamwala wozizira. Asayang'ane tsekwe m'maso. Asagule tchizi kwa bambo wa pamsika wa Lachisanu, chifukwa amatsokomolera m'manja. Zonsezi n'zoona, ndipo munthu wofuna kukalamba amazisunga. Koma iye ankangoziyesa nyimbo ya m'mawa.

"Agogo, ndi njira yophunzitsira chabe," iye anatero. "Ana anga salemba. Ndikawauza kuti alembe chimangirizo, amandipatsa mizere iwiri, wachiwiriwo n'kukhala dzina lawo. Ndiye ndawauza kuti aliyense alembe kachitidwe ka chinthu chimene amachidziwa. Iye aziwerenga, ine ndizichita pamaso pawo. Cholembedwa ndichita. Chosalembedwa sindichita. Aone okha zimene amasiya."

"Ndiye muziyamba mwawerenga nokha kuseri."

"Ayi, kumeneko n'kubera. Ndizimva limodzi ndi kalasi yonse."

Gogo Hiske anaika ketulo pansi.

"Ine m'kalasi sindinapondemo. Ndinakulira m'bwato la bambo anga, tikunyamula mbatata ndi manyowa, lero doko ili, mawa doko lina. Onse amene ankandiseka kuti sindidziwa kulemba ali kumanda. Valani sikafu, kunjaku kuli mphepo."

Sikafuyo anaisiya pampando.

Anayamba ndi buledi. Ana a kalasi yake anali a zaka khumi ndi ziwiri, ena khumi ndi zitatu, msinkhu woopsa kwambiri, chifukwa miyendo imakhala itakula koma chifundo chisanamere. Woyamba kuwerenga anali Sipke, mnyamata wa pakamwa posatseka.

"Tengani buledi," Sipke anawerenga.

Bastiaan anatenga buledi yense, ali m'jumbo momwemo.

"Pakani batala."

Bastiaan anapisa dzanja lonse m'mbale ya batala, n'kuyamba kupaka pajumbopo modekha, ngati akusisita mwana.

"Aphunzitsi, mpeni uli pomwepo."

"Walemba za mpeni?"

"Nanga jumboyo simutsegula?"

"Walemba zotsegula?"

"Wazani timibulu ta chokoleti," Sipke anamaliza ndi mawu otsika.

Sanalembe kuti awaze pati. Bastiaan anawaza patebulo, pansi, ndi pamutu pa Sipke yemwe. Ana anaseka mpaka mphunzitsi wa masamu anabwera kudzasuzumira pazenera. Mawa lake Sipke anabwera ndi tsamba lodzaza, ndipo mpeni unatchulidwa mmenemo kangapo, mbali yogwira ndi mbali yodulira yomwe.

Zinapitirira choncho nyengo yonse yozizira. Anathira tiyi m'nsapato zake chifukwa wolembayo anaiwala kapu. Anavala jekete la mvula n'kukhala tsiku lonse mkono umodzi uli m'kati, chifukwa pepala linatchula mkono wamanja wokha. Anamata chubu cha njinga, koma za pampu sizinalembedwe, ndiye anakankha njingayo mpaka kunyumba mvula ikumukwapula. Gogo Hiske ankamuonera pazenera madzulo alionse, katani atatsegula pang'ono, akuyerekeza kuti lero wabwera ndi chiyani.

Choopsa chake n'chakuti njirayo inathandiza. Ana anayamba kulemba. Ankalimbirana kuwerenga. Bastiaan, poona zimenezi, mutu unakula, n'kuwonjezera malamulo ena. "Wowerenga salota zimene zili m'mutu mwako," ankatero, akuyendayenda kutsogolo kwa bolodi. "Muuze chochita, umuuzenso chifukwa chake. Mupatse chitsanzo. Aone, amve, anunkhize. Ndipo mfundo yaikulu usamangoitaya koyambirira, uziisungira kumapeto kuti wowerenga asakuthawe panjira." Munthu akamalankhula zambiri chotere pamaso pa ana, aziyamba waganiza kuti pali wina amene akusunga zonse.

Mmodzi yekha ndiye sanasunthike. Jildou, mdzukulu wa Gogo Hiske yemweyo, mwana wa Auke, mlimi woweta ng'ombe. Ankakhala pafupi ndi zenera, maso ali kudambo. Pepala lake la buledi linali ndi mawu akuti, "Pangani buledi. Idyani." La tiyi linati, "Pangani tiyi."

"Jildou, ndipange bwanji?"

"Nanga pali munthu wosadziwa kupanga tiyi?"

"Tayerekeza kuti ine sindidziwa."

"Koma mumadziwa. Agogo amati mumamwa wambiri."

Nyengo yozizira itatha, dzuwa litayamba kubwerera, ng'ombe zitatulutsidwa m'makola, ahedi anamuitana Bastiaan ku ofesi. Ahediwo, Mayi Wiersma, anali munthu wosataya mawu. Anamuuza kuti makatani a m'kalasi mwake akununkha batala, okolopa akudandaula, ndipo kholo lina labwera kudzanena kuti mwana wake akukana kutsuka mbale mpaka amayi ake amulembere katsukidwe kake.

"Za chaka chamawa sindinaganize ngati tikusungani," anatero.

"Koma ana akulemba bwino, mayi."

"Amene ankalembako kale. Nanga Jildou? Aphunzitsi onse a kupulaimale anamulephera, anangomukankhira kuno. Tisanatsekere, ndione Jildou atadzaza tsamba limodzi, aliwerenge yekha pamaso pa anthu mpaka kumapeto. Zikatero, ntchito ndi yanu. Apo ayi, sitima za ku Rotterdam sizinasiye kuyenda."

Bastiaan anatuluka mu ofesimo. Ku Rotterdam kunali kachipinda ka m'nyumba ya amayi ake, kamene tsopano ankasungiramo makina osokera. Kuno kunali kalasi yake, ana ake, ngakhale Sipke yemwe. Sankafuna kuchoka.

Madzulo amenewo, akupalasa njinga m'mbali mwa dambo la Auke, anaona nkhosa ili kutsidya kwa ngalande, kumene sinayenera kukhala. Kenaka anaona Jildou akubwera ndi mtengo wodumphira ngalande paphewa, wautali kuposa khomo la khola. Mtsikanayo anazika mtengowo pakati pa madzi, anabwerera m'mbuyo pang'ono, anathamanga, n'kuuluka. Anatera kutsidya mwakachetechete ngati mphaka, n'kuimenya nkhosa kambama kumbuyo.

"Jildou, wachita bwanji zimenezo?"

"Ndadumpha."

"Ndaona. Koma bwanji?"

Mtsikanayo anamuyang'ana modabwa.

"Simudziwa kudumpha ngalande?"

"Sindinayesepo chibadwire."

"Zoona? Osati zoyerekeza zanu zija?"

"Zoona. Kwathu kuli milatho."

Jildou anaika mtengo pansi. Nkhope yake inaoneka ngati ya munthu amene wapeza mwana wotayika pamsika.

"Ukandilembera," Bastiaan anatero, "ndidumpha. Pangalande ya kuseri kwa sukulu, Lachisanu lotsekera, ahedi akuona. Iwe uziwerenga, ine ndizichita."

"Mukagwera?"

"Ndikagwera ndiye kuti wasiya kanthu."

"Sindisiya kanthu," anatero Jildou.

Sabata imeneyo m'nyumba mwa Gogo Hiske munalibe mtendere. Jildou ankafika akaweruka, n'kukhala pathebulo la kukhitchini, lilime lili pakona pa mlomo, akulemba. Mabisiketi sankawakhudza. Mapepala atatha anapempha ena. Gogoyo anamugwira pachipumi kuti aone ngati watentha thupi, anamuyang'ana m'maso, anamufunsa ngati wagwa panjinga n'kumenyetsa mutu. Lachinayi, mwana atapita kukathandiza kukama, gogoyo ananyamula mulu wa mapepalawo, nauyeza m'manja monga ayezera nsomba, n'kupita nawo pansi pa masitepe.

"Aphunzitsi, tatsikani muone. Chinthuchi n'cholemera."

"Musandionetse, agogo, sindiloledwa kuwerenga." Koma anasuzumira ndithu kukula kwa muluwo, ndipo nkhope yake inawala. "Onsewo? Ahedi anangopempha tsamba limodzi."

"Mukusekerera chiyani? Mwana amene anali bwinobwino, wodya, wosewera panja, lero wangoti duu ngati nkhuku yofungatira. Ndipo ngalande ya kusukuluyo ndimaidziwa. Muli misundu. Muli njinga ya a positi akale. Madzi ake akakulowani m'khutu, mudzamva achule mpaka Khirisimasi. Mlamu wanga ananyowa mapazi okha pa maliro a mnzake, mwezi usanathe tinabwerera komweko ndi iyeyo."

"Anali ndi zaka zingati?"

"Zaka zilibe kanthu. Anali ndi mapazi onyowa."

"Agogo, Jildou amadumpha tsiku lililonse."

"Jildou sadumpha ndi pepala."

Lachisanu kunacha bwino, kopanda mtambo, ndipo masiku oterowo ndiwo oyenera kuwaopa, chifukwa anthu amatayirira. Masana kalasi yonse inatsikira kungalande. Nkhani inali itamveka, ndiye kunabweranso makolo, okolopa aja, mphunzitsi wa masamu, ndi Auke amene anabweretsa mtengo wodumphira pathirakitala. Mayi Wiersma anaima kutsogolo, manja atapinda pachifuwa. Gogo Hiske anafika pomalizira ndi chikwama chachikulu. Munali bulangete, sokosi zouma, chipewa chaubweya, fulasiki ya khofi, ndi kabotolo ka mankhwala opaka pachifuwa.

Jildou anaima pamphepete, mapepala ali m'manja. Mwana ameneyu anali asanawerengepo mokweza chiyambire sukulu.

"Kadumphidwe ka ngalande," anayamba, mawu ali pansi.

"Kweza, mwanangu," anatero Mayi Wiersma.

"Kadumphidwe ka ngalande, kolembera munthu wosadziwa chilichonse. Choyamba, vulani jekete, mupatse munthu amene mumamukhulupirira. Musampatse Sipke."

Anthu anaseka. Bastiaan anavula jekete n'kupatsa mphunzitsi wa masamu. Jildou anakweza mutu, anaona kuti akuseka mawu ake, osati iyeyo, ndipo mawu ake anakwera pang'ono.

Zinayenda bwino zedi. Analemba zonse. Dzanja lamanja pamwamba, lamanzere pansi. Mbali ya mtengo yokhala ndi kathabwa ndiyo ilowe m'madzi, chifukwa kathabwako kamaletsa mtengo kulowa msanga m'matope. Auzike pakati penipeni, osati pafupi ndi iye chifukwa cha mantha. Aupendeketsere kwa iye, wina augwire. Abwerere m'mbuyo mpaka pamene pali chitsa. Apukute manja pathalauza. Bastiaan ankachita chilichonse, mtima uli m'malo, akuponya diso kwa ahedi. Tsamba loyamba linatha, ndipo ahedi anali atamasula manja pachifuwa.

"Tsopano thamangani ndi mphamvu zanu zonse, mudumphire mtengowo, muugwire ndi manja ndi miyendo."

Bastiaan anathamanga. Kunena zoona, sizinali mphamvu zake zonse, chifukwa atayandikira anaona madziwo mmene analili obiriwira, ndipo miyendo inayamba kukambirana. Anadumpha ndithu, naugwira mtengo. Mtengo unanyamuka naye, unakwera, unakwera, unafika pakati, n'kuima njo.

Sunapite kutsogolo. Sunabwerere m'mbuyo. Bastiaan anangoti kakasi pamwamba pa ngalande, atakumbatira mtengo ngati nyani, magalasi atapendekera khutu limodzi.

Jildou anatembenuza tsamba mosadabwa.

"Mtengo ukaima pakati, musadandaule. Zimachitika kwa anthu amantha ndi a m'tauni. Musachite chilichonse mpaka ndikuuzeni. Pali chinthu chimodzi chokha chochita, koma kuti muchimvetse, muyenera kuyamba mwadziwa matope."

"Chabwino," anatero Bastiaan kumwambako.

"Matope a m'ngalande si amodzi. Pamwamba pali ofewa, akuda, onunkha ngati dzira limene nkhuku inaliiwala. Amenewa sagwira kanthu, amangonamizira. Pansi pake pali otuwa. Amenewa akagwira chinthu amachikonda. Anakonda jombo ya bambo anga chaka chatha, mpaka lero ali nayo."

"Taima kaye," anatero Mayi Wiersma. "Bwereza pamenepo. Pa dzira paja."

Jildou anabwereza, pang'onopang'ono, monyadira.

"Mwamva, a Korver? Limene nkhuku inaliiwala. Mwana uyu ndi wolemba."

"Ndamva, mayi."

Pansi pamadzi panamveka kaphokoso, ngati munthu wamenya mlomo atadya zokoma. Kathabwa kaja kanali kakale, kanathyoka. Mtengo unatsika pang'ono, n'kuima. Kenaka unatsikanso.

"Aphunzitsi mukufupika," anatero Sipke.

"Khala chete, mnzako akuwerenga," anatero Bastiaan.

"Ingodziponyerani kuno, tikuwakhani."

"Sizinalembedwe," Bastiaan anayankha mano ali olumana.

Jildou anali atafika pa za mphepo. Anafotokoza mphepo yochokera kunyanja, imene imathandiza wodumpha ngati akupita kum'mawa, ndi mphepo ya kumtunda imene ilibe ntchito kwa aliyense. Anafotokoza chifukwa chake manja amaterera, ndi chifukwa chake si bwino kuyang'ana pansi. Bastiaan anayang'ana pansi. Madzi anali atayandikira, ndipo chule wina anali atakhala pa ndere akumuyang'ana ngati akumusungira malo.

"Tsopano chitsanzo," Jildou anawerenga. "Amalume anga a Wiebe anakakamira pamtengo tsiku la ukwati wawo. Anachedwa kudzuka, ndiye anati adulire kudambo kuti akafike msanga kutchalitchi. Linali Loweruka."

"Linali Lachisanu," anatero Auke.

"Loweruka, bambo."

"Ine ndinalipo, iwe usanabadwe."

"Linali Loweruka," anatero Gogo Hiske, "chifukwa ndinali nditachapa makatani. Ndipo ndinamuuza Wiebe kuti adzere kumsewu."

"Amayi, makatani munachapa pa ukwati wanga."

"Ndalemba ndine," anatero Jildou, "ndipo ndalemba Loweruka."

Nsapato za Bastiaan zinakhudza madzi. Kuzizira kwake kunakwera ndi msana mpaka m'mano. Mikono inali ikuyaka moto. Anatulutsa kamawu kosadziwika bwino, kapakati pa kutsokomola ndi kulira, ndipo Jildou anasiya kuwerenga, n'kumuyang'ana. Anayang'ananso mapepala amene anatsala m'manja mwake. Anali ochuluka ndithu.

"Aphunzitsi," anatero, mawu atabwerera pansi paja, "ndalemba zambiri eti? Ndilumphe masamba enawa? Kapena ndingosiya?"

Mayi Wiersma anatembenuza mutu kuyang'ana Bastiaan. Iwo anali atanena kuti mpaka kumapeto. Bastiaan anaona mwanayo akuyamba kupinda mapepala aja. Akanati lumpha, mwana ameneyu akanabwerera pazenera lake lija ndi mawu ake awiri, ndipo Bastiaan akanakwera sitima. Anaona madzi, anaona chule.

"Werenga zonse," anatero. "Usasiye ngakhale liwu limodzi. Amalume ako zinawathera bwanji?"

Jildou anamwetulira, n'kupitiriza. Amalume a Wiebe anakhala pamtengo mpaka belu la tchalitchi linasiya kulira. Mkwatibwi anabwera yekha kudzawafuna, diresi atalikwinyira m'manja. Zimene anawauza ataima pamphepete, Jildou anazilemba zonse, kupatula mawu awiri amene anati agogo sangalole. Anthu ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Okolopa aja ankapukuta misozi. Madzi anafika m'mawondo a Bastiaan, kenaka m'chiuno, ndipo iye anatulutsa mpweya ngati ng'ombe yoponda pachisanu.

"Mwavala kabudula wam'kati waubweya uja ndinakuikirani pabedi?" anafunsa Gogo Hiske.

"Agogo, pano pali ana."

"Ndiye kuti simunavale."

Kunali tsamba la misundu, mmene imagwirira ndi mmene siyenera kuchotsedwera. Kunali tsamba la zimene munthu amamva m'mimba akakhala m'malere, limene Mayi Wiersma anapempha kuti adzalikhome pakhoma la ofesi. Pamene Jildou ankafika pa tsamba lotsiriza, mapazi a Bastiaan anali atadutsa matope onamizira aja n'kufika pa otuwa, ndipo otuwawo anamulandira bwino. Madzi anali m'chifuwa. Mtengo unangotsala kachidutswa pamwamba pa mutu wake.

"Pomaliza," Jildou anawerenga mokweza, "nachi chinthu chimodzi chija. Mtengo ukangoima, kwerani msangamsanga mpaka pamwamba, mutsamire kutsogolo, ndipo udzakugwetserani kutsidya. Chitani zimenezi nthawi yomweyo, mtengo usanayambe kumira, chifukwa ukayamba kumira palibenso chothandiza. Ndatha."

Anthu anaomba m'manja. Auke anafwenthera m'kansalu, n'kunena kuti ndi fumbi.

"Jildou," anatero Bastiaan, chibwano chikugundana, "walemba bwino kwambiri. Koma chiganizo chomalizacho chikanabwera koyambirira."

"Munati mfundo yaikulu tizisungira kumapeto, kuti wowerenga asathawe."

"Ndipo sanathawedi," anatero Sipke.

"A Korver," anatero Mayi Wiersma, "mwana wawerenga kuti mukwere, mutsamire kutsogolo. Mwaiwala lamulo lanu?"

Bastiaan anayesa kukwera. Miyendo inakana, inali ndi eni ake tsopano. Anatsamira kutsogolo monga kunalembedwera. Mtengo unapendekeka mwaulemu, n'kumugoneka chafufumimba m'madzi, chubwi. Atadzuka anali ndi ndere kumutu ngati wigi, magalasi atapita kukakhala ndi njinga ya a positi.

Anthu anayesa kumukoka ndi manja, atagwirana m'chiuno, koma matope otuwa sanalole. Auke anayang'ana dzuwa, nati afunika chingwe chachikulu cha kukhola, ndipo poti akupita kukholako, ayambe wakama.

"Bambo, aphunzitsi ali m'madzi," anatero Jildou.

"Aphunzitsi sakupita kulikonse. Ng'ombe zikachedwa zimatupa mabere."

Thirakitala inapita. Makolo ena anapita kukaphika. Gogo Hiske anabwereka kwa okolopa chopalira masamba chachitali, anakoleka chipewa chaubweya kunsonga kwake, n'kumuveka Bastiaan, gogoyo ataima pamphepete, chifukwa chisanu chimalowera kumutu. Kenaka anamutumizira kapu ya khofi pa chopalira chomwecho. Theka linatayikira m'ngalande.

Mayi Wiersma anagwada pa udzu kuti alankhule naye pafupi.

"Ntchito ndi yanu, a Korver. Sindinaonepo zotere."

"Zikomo, mayi," anatero Bastiaan.

"Koma ana enawa akudandaula, ndipo akunena zoona. Jildou yekha ndiye wapatsidwa mwayi wolemba za panja. Chaka chamawa aliyense alembe chake, Lachisanu lililonse, makolo azibwera. Makalasi enawo ndawauza kale kuti nawonso azikutumizirani."

Bastiaan anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka chinali chiyetsemulo.

Auke anabwera ng'ombe zitakamidwa zonse. Anamumanga chingwe m'khwapa, anakoleka kuthirakitala, n'kukoka pang'onopang'ono. Matope analimbalimba, kenaka anamulavula ndi phokoso lalikulu. Anatuluka munthu yense, miyendo iwiri, mikono iwiri. Nsapato, sokosi ndi thalauza zinatsala pansi. Mphunzitsi wa masamu anathamanga ndi jekete, Gogo Hiske ndi bulangete, koma ana a kalasi yonse anali ataona kale, ndipo ana a msinkhu umenewo saiwala.

Bastiaan anagona sabata yoyamba ya tchuthi ndi chimfine chotseka mawu, pachifuwa atamupaka mankhwala onunkha mpaka ntchentche zinasamuka m'chipindamo. M'khutu lamanzere munkalira kanthu. Tsiku limene anayamba kudzuka, anamva kugogoda pazenera la kukhitchini, natsika atafunda bulangete. Panja panali Sipke, atakweza m'mwamba mulu wa mapepala womanga ndi chingwe cha udzu wa ng'ombe, wonenepa kuposa wa Jildou. Dzanja linalo linagwira chingwe china, ndipo kunsonga kwa chingwecho kunali nkhosa yamphongo ya nyanga zopota, ikupalasa pansi ndi mwendo.

"Aphunzitsi, ndayambiratu za chaka chamawa," anatero Sipke pagalasi. "Kametedwe ka nkhosa. Ndabwera nayo kuti muzolowerane. Dzina lake ndi Bwana, koma musalitchule ikumva. Chifukwa chake ndachilemba kumapeto."